Pamene Angelezi ndi Afalansa Ankalimbirana Mayiko a Eni Ake

Mu 1748 nthumwi za mafumu a ku Ulaya zinasonkhana mumzinda wa Aix-la-Chapelle kuti zithetse nkhondo imene inali itatenga zaka 8. Mwa zimene zinagwirizana kumeneko munali msinthano wina wodabwitsa. Angelezi anabwezera Afalansa linga la Louisbourg, la kugombe la Canada, limene analanda mu 1745, ndipo Afalansa anabwezera Angelezi tawuni ya Madras ku India, imene analanda mu 1746. Kuchoka kumodzi kukafika kwinako, chombo cha masiku amenewo chinkatha miyezi yambirimbiri chili panyanja, koma kwa akuluakulu a pamsonkhanowo malo awiriwa anali katundu wa mtengo umodzi. Anthu a mtundu wa Mi'kmaq, eni chilumba chimene panamangidwa Louisbourg, sanafunsidwe maganizo. Oomba nsalu a ku Madras nawonso sanafunsidwe.

Umu ndi mmene nkhondo za Angelezi ndi Afalansa zinkayendera. Pakati pa 1689 ndi 1815 mayiko awiriwa anamenyana mobwerezabwereza, ndipo nkhondo iliyonse inkafalikira kutali ndi kwawo, ku nkhalango za kumpoto kwa America, ku zilumba za nzimbe za ku Caribbean, kugombe la kumadzulo kwa Africa ndi ku India. Imene inasintha zinthu kotheratu ndi ya 1756 mpaka 1763, yomwe mabuku amaitcha Nkhondo ya Zaka Zisanu ndi Ziwiri. Amene anapambana amadziwika, ndi Angelezi. Chimene sichikambidwa mokwanira ndi chomwe chinagwera eni malo aja pamene mmodzi wa olimbiranawo anaona msana wa njira, ndipo ine ndikuona kuti mutu weniweni wa nkhaniyi uli pamenepo.

Tiyambe ndi gwero la mkanganowo. Chipembedzo chinalipo ndithu, poti Angelezi ambiri anali Apulotesitanti ndipo Afalansa anali Akatolika, ndipo alaliki a mbali zonse ankasonkhezera moto. Koma muzu unali m'kaganizidwe ka maboma a nthawi imeneyo pa nkhani ya chuma. Ankakhulupirira kuti chuma cha padziko n'chowerengeka kale, moti mnzako akapeza ndiye kuti iwe wataya. Choncho dziko lililonse linkalamula kuti madera amene lili nawo kunja azigulitsa zokolola zofunika kwa ilo lokha, azigula katundu wake, ndipo zonsezo zizinyamulidwa ndi zombo zake. Angelezi anayamba kukhazikitsa malamulo otere mu 1651, Afalansa anakhwimitsa awo m'masiku a nduna Colbert. Tsono msika wa mnzako ukatsekedwa ndi lamulo, sungaulowe ndi mtengo wabwino kapena katundu wokongola. Khomo lotsala ndi la mizinga.

Zolimbiranazo zinali zinthu zogwirika. Patsogolo panali shuga, amene panthawiyo ankalemeretsa anthu kuposa mbewu ina iliyonse. Chigawo cha Afalansa cha Saint-Domingue chinkatulutsa shuga wambiri kuposa Jamaica wa Angelezi, ndipo minda yonseyo inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Panali nsomba za kunyanja ya Newfoundland, zimene ankaziumitsa ndi mchere, ndipo usodzi wake ndi umene unkaphunzitsa anyamata ntchito ya pachombo asanalowe usilikali wa panyanja. Panali zikopa za ubweya za ku Canada zopangira zipewa, nsalu za thonje za ku India, ndi utomoni wa ku mtsinje wa Senegal umene mafakitale a nsalu ankaufuna podinda maluwa.

Kumpoto kwa America mayiko awiriwa anakhazikika mosiyana kwambiri. Angelezi anabwera ndi mabanja kudzalima, ndipo pofika m'ma 1750 madera awo 13 a m'mbali mwa nyanja ya Atlantic anali ndi anthu oposa miliyoni imodzi, kuphatikizapo akapolo. Mwana aliyense akakula ankafuna munda wakewake, ndipo kumadzulo kwawo kunali mapiri a Appalachian. Afalansa anali ochepa, pafupifupi 70,000 basi, koma anatambasuka mtunda wautali: kuchokera ku Quebec pamtsinje wa St Lawrence, kudzera ku nyanja zikuluzikulu za m'katikati, kutsika ndi mtsinje wa Mississippi mpaka ku New Orleans. M'malo ambiri a mtunda wonsewu "ulamuliro" wa mfumu ya France unali kalinga ka mitengo, asilikali ochepa, wansembe ndi wogula zikopa. Akanapanda kugwirizana ndi eni nthaka, sakanakhalako ngakhale chaka chimodzi.

Eni nthakawo tisawaone ngati anthu ongoonerera. Mitundu ya Iroquois inali ndi bwalo lake la mafumu ndi ndale zake zozama. Mu 1701 inapangana mtendere ndi Afalansa ku Montreal, chaka chomwecho inalimbitsanso ubale wake ndi Angelezi ku Albany, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 inakhala pakati, osalola kuti mbali imodzi ikule kwambiri. Azungu a mbali zonse ankayenera kupereka mphatso chaka ndi chaka: nsalu, mipeni, miphika, mfuti, zipolopolo ndi wonga. Kwa azungu zinali mphatso, kwa eni nthaka inali lendi ya malo amene panali malinga. Mbali imene yachita ulesi kupereka inkadziwa kuti anthuwo atembenukira kwa mdani wake.

Moto unabuka m'chigwa cha mtsinje wa Ohio, kuseri kwa mapiri aja, kumene kunkakhala a Shawnee ndi a Delaware, ambiri mwa iwo atathawira kumeneko minda yawo ya kum'mawa italandidwa. Mu 1749 boma la ku London linapatsa kampani ya anthu olemera a ku Virginia, yotchedwa Ohio Company, maekala 200,000 m'chigwacho. Abale ake a George Washington anali ndi masheya m'kampaniyo, ndipo bwanamkubwa wa Virginia, Robert Dinwiddie, analinso nawo. Afalansa ataona kuti njira yawo ya pakati pa Canada ndi Louisiana idulidwa, anayamba kumanga malinga, lalikulu likukhala Fort Duquesne, pamalo pamene lero pali mzinda wa Pittsburgh. Dinwiddie anatuma Washington, mnyamata wa zaka 22, ndi gulu la asilikali. Pa 28 Meyi 1754 Washington, mothandizidwa ndi mtsogoleri wina wa eni nthaka dzina lake Tanaghrisson, anathira nkhondo kagulu ka Afalansa m'nkhalango, ndipo mkulu wa kaguluko, Jumonville, anaphedwa. Afalansa anati munthuyo anali mthenga wonyamula kalata. Akatswiri ambiri a mbiri amati Tanaghrisson ndiye anamupha, pofuna kuti Angelezi asathenso kubwerera m'mbuyo, chifukwa ulemu wake m'chigwacho unkadalira kuti Afalansa achoke. Patangotha masabata 5 Washington anazingidwa pa Fort Necessity n'kugonja. Apa onani bwino: nkhondo imene inadzapha anthu mazanamazana a zikwi inayambira pa masheya a kampani ya malo, ndipo bwanamkubwa amene anatumiza asilikali anali ndi thumba lake momwemo.

Zaka zoyamba zinawawira Angelezi. Mu Julayi 1755 mkulu wa asilikali Edward Braddock, akupita kukalanda Fort Duquesne, anagonjetsedwa pamtsinje wa Monongahela ndi gulu locheperapo, limene ambiri mwa ilo anali eni nthaka. Oposa theka la asilikali ake anaphedwa kapena kuvulala, iye mwini anafa. Chaka chomwecho akuluakulu a Angelezi ku Nova Scotia anachita chinthu chankhanza. Kumeneko kunali alimi olankhula Chifalansa, otchedwa Acadians, amene anakhala pansi pa ulamuliro wa Britain kuyambira 1713 koma ankakana lumbiro lowakakamiza kumenyana ndi abale awo. Anawakweza m'zombo, kuwotcha midzi yawo ndi kuwamwaza m'madera osiyanasiyana. Oposa 10,000 anasamutsidwa, zikwi zinafera m'njira ndi matenda kapena kumira, ndipo ena mwa otsala anakathera ku Louisiana, kumene zidzukulu zawo zimadziwika lero kuti Cajuns.

Nanga zinatembenuka bwanji? France inali ndi anthu ochuluka pafupifupi katatu kuposa Britain, ndi gulu lankhondo la pamtunda lalikulu koposa. Koma nkhondo ya kutsidya kwa nyanja imamenyedwa ndi ngongole, ndipo apa Britain inali patsogolo. Kuyambira pamene Bank of England inakhazikitsidwa mu 1694, ngongole za boma zinkatsimikizidwa ndi nyumba ya malamulo, imene inkaika misonkho yobwezera. Amalonda ankabwereketsa ndalama mtima uli m'malo, pa chiwongoladzanja chotsika. Ku France wobwereka anali mfumu, imene ikanatha kudzuka tsiku lina n'kunena kuti sibweza, ndipo mu 1759 boma linaimitsadi kulipira zina mwa ngongole zake. Kuwonjezera apo, anthu a m'mabanja apamwamba ndi akuluakulu a mpingo ankapewa misonkho yambiri, katundu n'kutsalira alimi. William Pitt atatenga udindo woyendetsa nkhondo mu 1757 anagwiritsa ntchito mwayi umenewu mopanda mantha. Ankalipira mfumu Frederick ya Prussia mapaundi 670,000 pachaka kuti ipitirize kumenya nkhondo ku Ulaya, kumene asilikali ambiri a France anamangika, pamene zombo za Britain zinkatola madera a Afalansa limodzilimodzi.

Mu 1758 Louisbourg inagwanso. Chaka chomwecho, pamsonkhano wa ku Easton, Angelezi analonjeza mitundu ya ku Ohio kuti nkhondo ikatha sadzamanga midzi kuseri kwa mapiri. Mitunduyo inali itatopa kale ndi Afalansa, amene mphatso zawo zinaleka kufika chifukwa zombo za Britain zinatseka nyanja, choncho inawasiya. Patangopita mwezi umodzi Afalansa anawotcha okha Fort Duquesne n'kuthawa. Lonjezo la ku Easton mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Mabuku ambiri amatamanda nkhondo ya pa 13 Sepitembala 1759 kunja kwa mpanda wa Quebec, mmene akuluakulu a asilikali a mbali zonse, Wolfe ndi Montcalm, anataya moyo. N'zoona kuti mzindawo unagwa. Koma mu Epulo 1760 Afalansa anabwerera kuchokera ku Montreal, anapambana nkhondo ya pa Sainte-Foy, n'kuzinga Angelezi m'kati mwa Quebec momwemo. Mbali zonse zinkayang'ana kumtsinje kudikira kuti madzi oundana akasungunuka, chombo choyamba kutulukira chidzakhala cha yani. Chinali cha Angelezi, chifukwa zombo zankhondo za France zinali zitaphwanyidwa kale pa Lagos, kugombe la Portugal, ndi pa Quiberon Bay mu Novembala 1759. Mu Sepitembala 1760 Montreal inagonja. Tsogolo la Canada linagamulidwa pamadzi a kugombe la Ulaya, kutali ndi Canada weniweniyo.

Ku India omenyana anali makampani. East India Company ya Angelezi inali ndi Madras, Bombay ndi Calcutta, kampani ya Afalansa inali ndi Pondicherry ndi Chandernagore. Mfumu yaikulu ya Mughal, Aurangzeb, itamwalira mu 1707, olamulira zigawo anayamba kudziimira paokha ndi kulimbirana mipando. Bwanamkubwa wa Pondicherry, Dupleix, ndiye anaonetsa poyera mmene mzungu angapindulire ndi mikangano yotere: kulemba ntchito amuna a ku India komweko, kuwaphunzitsa usilikali wa ku Ulaya, kuwabwereketsa kwa mmodzi wa olimbirana mpando, ndipo akapambana, kulandira midzi yokhometsamo msonkho ngati malipiro. Angelezi anatengera nzeruyi n'kuiposa. Akuluakulu a kampani ku Paris anaitanitsa Dupleix mu 1754 poona kuti akuwononga ndalama, pamene Robert Clive anapitiriza. Pa 23 Juni 1757, pa Plassey, Clive ndi asilikali pafupifupi 3,000 anagonjetsa wolamulira Bengal, Siraj ud-Daulah, amene anali ndi anthu pafupifupi 50,000 ndi Afalansa ochepa oombera mizinga. Chinsinsi chake sichinali ukatswiri wa nkhondo. Clive anali atapangana kale ndi mkulu wa asilikali a Bengal, Mir Jafar, ndi mabanki a banja la Jagat Seth, moti gawo lalikulu la gululo linangoima osamenya. Clive yekha analandira mapaundi 234,000. Chuma cha Bengal ndicho chinalipira nkhondo ya kum'mwera, kumene Afalansa anagonja pa Wandiwash mu 1760 ndi kutaya Pondicherry mu 1761. Mkulu wawo, Lally, atabwerera kwawo anaimbidwa mlandu woukira mfumu n'kudulidwa mutu ku Paris mu 1766.

Africa inalowamo makamaka ngati kotengako anthu. Mu 1758 Angelezi analanda Saint-Louis pamtsinje wa Senegal ndi chilumba cha Gorée, chifukwa cha utomoni ndi akapolo. Atalanda chilumba cha Guadeloupe ku Caribbean mu 1759, amalonda awo anathiramo akapolo zikwizikwi m'zaka 4 zokha. Mbali yathu ino ya Africa nayo sinapulumuke. Afalansa ankafuna doko lopumirapo zombo zawo zopita ku India, ndiye anamanga Port Louis pachilumba cha Mauritius, chimene iwo ankachitcha Isle de France. Bwanamkubwa amene anamanga dokolo, La Bourdonnais, ndi yemweyo anatsogolera zombo zokalanda Madras. Ntchito ya padoko ndi ya m'minda inkagwiridwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique, ndipo mu 1776 wamalonda wachifalansa Morice anapangana ndi mfumu ya Kilwa kuti izimugulitsa akapolo 1,000 pachaka. Njira zopita ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique zinkachokera kumtunda, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja ya Malawi.

Pangano lothetsa nkhondo linasainidwa ku Paris pa 10 Febuluwale 1763. France inataya Canada ndi dziko lonse la kum'mawa kwa Mississippi, ndipo Louisiana wa kumadzulo inali itampereka kale kwa Spain. Senegal inapita kwa Angelezi, Gorée inabwezedwa. Ku India Afalansa anabwezeredwa matawuni awo ochitiramo malonda, koma mphamvu zawo zankhondo kumeneko zinali zitatha. Ku London anthu anakangana kwa miyezi m'timabuku ndi m'manyuzipepala kuti chabwino kusunga n'chiyani, Canada yense kapena kachilumba ka Guadeloupe, ndipo ambiri ankati kachilumbako, poti shuga wake ankabweretsa ndalama zoposa zikopa za Canada. Eni minda ya nzimbe ya ku Jamaica ndi Barbados sankafuna shuga wina pamsika wawo, kuopa kuti mtengo ungatsike. Britain inasunga Canada, France inabwezeredwa Guadeloupe ndi Martinique, ndipo nduna yake Choiseul sanaone ngati waluza kwambiri.

Apa ndiye pofika pamutu uja. Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kapena nandolo akudziwa kusiyana kwa msika wa mavenda awiri ndi wa venda mmodzi: akakhala awiri mtengo umakambidwa ndipo sikelo imayenda bwino, akatsala yekha amatchula mtengo iye. Afalansa atangochoka, mkulu wa asilikali a Britain ku America, Jeffery Amherst, analetsa mphatso zija n'kuchepetsa wonga wogulitsa kwa eni nthaka, wonga womwe ankasakira nyama yodyetsa mabanja. Malinga a Afalansa sanagumulidwe, analowamo Angelezi, ndipo alimi achizungu anayamba kuwoloka mapiri ngati kuti ku Easton sikunalankhulidwe kanthu. Mu Meyi 1763 mitundu yambiri inaukira, wotchuka mwa atsogoleri ake akukhala Pontiac wa mtundu wa Ottawa. Analanda malinga 8 ndi kuzinga Detroit ndi Fort Pitt. Pa Fort Pitt akuluakulu a lingalo anapatsa nthumwi za a Delaware mabulangeti ochokera m'chipatala cha odwala nthomba, ndipo makalata a Amherst amene alipo mpaka lero akuonetsa kuti iyenso ankalimbikitsa njira yomweyo. Oukirawo ankayembekezera kuti mfumu ya France ibweranso kudzawathandiza. Sinabwere. Mu Okutobala 1763 boma la ku London linalengeza malire otsata mapiri, loletsa azungu kukhazikika kumadzulo kwake, koma linalibe asilikali kapena mtima wokwanira kuwateteza. Patatha zaka 20 Britain inapereka dziko lonselo kwa United States m'pangano limene silinatchule n'komwe eni nthaka, kuphatikizapo amene anamenya nkhondo kumbali yake.

Sindikunena kuti Afalansa anali abwino mtima. Kumene anali ndi mphamvu zokwanira, monga m'minda ya Saint-Domingue, nkhanza zawo zinali zosaneneka. Ku Canada ankalemekeza eni nthaka chifukwa anali ochepa ndipo ankawafuna. Chimene chinkateteza a Iroquois ndi a Shawnee ndi mpikisano wa azungu awiriwo, ndipo mpikisanowo ndi umene unatha mu 1763.

Ku India zinayendanso chimodzimodzi. Wolamulira chigawo amene wakangana ndi kampani ya Angelezi analibenso mzungu wina wamphamvu zofanana woti n'kuthawirako. Mu 1765 mfumu ya Mughal, Shah Alam, itagonja pa Buxar chaka chapitacho, inapatsa kampaniyo ufulu wotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Kampani yogula nsalu inasanduka boma, ndipo inayamba kugula nsaluzo ndi msonkho wa anthu omwewo amene ankaziomba. Mvula italephera mu 1769, njala ya 1770 inapha anthu mamiliyoni ku Bengal, koma msonkho unapitirira kutoleredwa mwankhanza.

Opambanawo nawo sanadye bwino phindu lawo. Ngongole ya boma la Britain inakwera kuchoka pa mapaundi pafupifupi 75 miliyoni kufika poposa 120 miliyoni, ndipo boma linaganiza zosunga asilikali 10,000 ku America. Nyumba ya malamulo inati anthu a m'madera 13 aja athandize kulipira, ndiye kunabwera msonkho wa shuga mu 1764, wa zikalata mu 1765, kenako nkhani ya tiyi mu 1773, imene inayamba pofuna kupulumutsa East India Company ku mavuto a zachuma. Kale anthuwa akanang'ung'udza n'kulipira, chifukwa ankaopa Afalansa a ku Canada ndipo ankafuna chitetezo cha mfumu. Tsopano mantha aja anali atachoka. Anakwiyanso ndi malire a mapiri aja, ndi lamulo la 1774 limene linalola anthu a ku Quebec kusunga Chikatolika ndi malamulo awo achifalansa. Mu 1776 analengeza ufulu wawo, mtsogoleri wa asilikali awo ali Washington yemwe uja. France inapeza mpata wobwezera: inalowa nkhondo mu 1778, ndipo zombo zake ndi zimene zinatsekera Angelezi njira pa Yorktown mu 1781.

Kubwezerako kunadula kuposa phindu lake. France inabwezeredwa Senegal ndi kupatsidwa Tobago, koma inawononga ndalama zake za livre zoposa biliyoni imodzi, zambiri zobwereka, pamwamba pa ngongole za nkhondo yapita ija. Zinthu zitafika pa mwana wakana phala, mfumu Louis XVI inaitanitsa msonkhano wa nthumwi za dziko lonse mu 1789 kuti ukambirane za misonkho, ndipo msonkhanowo ndi umene unayambitsa kusintha kumene kunachotsa ufumu. Chipwirikiticho chinapatsa mpata akapolo pafupifupi theka la miliyoni a ku Saint-Domingue, amene anaukira mu 1791. Angelezi anayesa kulanda chigawocho pakati pa 1793 ndi 1798 koma anabwerako manja ali m'khosi, asilikali awo zikwi zambiri atafa ndi matenda. Gulu limene Napoleon anatumiza linalepheranso, ndipo mu 1804 kunabadwa dziko la Haiti. Awa ndi amene mkangano wa azungu awiriwa unawatsegulira khomo la ufulu, koma nawonso France inawalipiritsa: mu 1825 inawakakamiza kuvomera chipukutamisozi cha mafranc 150 miliyoni kwa amene kale anali eni akapolo.

Nkhondo za m'masiku a Napoleon zinamalizitsa ntchito. Angelezi analanda Cape, imene inali ya Netherlands, mu 1795 ndi mu 1806, pofuna kuti njira ya ku India isagwe m'manja mwa Afalansa amene panthawiyo ankalamulira Netherlands, ndipo mu 1810 analanda Mauritius. Pambuyo pa 1815 mayiko awiriwa anatha zaka zoposa 100 osamenyana pa nkhani ya madera akunja, ngakhale mu 1898 anatsala pang'ono. Chaka chimenecho Marchand, atayenda zaka 2 kuchokera kugombe la Atlantic ndi kagulu ka asilikali ambiri a ku Senegal, anakweza mbendera ya France pa Fashoda m'mbali mwa mtsinje wa Nile, ndipo Kitchener anamupeza pomwepo ndi gulu lalikulu. Paris inawerenga zombo zake n'kuuza Marchand kuti achoke. Mu 1904 anagwirizana kuti Britain ichite zofuna zake ku Egypt, France ichite zake ku Morocco. Kwa Aafirika mtendere wa awiriwa sunali wabwino kuposa nkhondo zawo, poti tsopano ankagawana mogwirizana.

Kuno kwathu amene ankalimbirana ndi Angelezi anali Apwitikizi, ndipo Afalansa sanaponde ndi gulu lankhondo. Koma zotsatira za Plassey ndi Wandiwash zinatipeza. Gulu la asilikali a ku India limene linayamba ngati alonda a kampani polimbana ndi Dupleix linakula, linagonjetsa India yense, kenako Britain inayamba kulibwereka pa nkhondo zake za kwina. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda, asilikali ake oyamba anali amuna pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri a iwo Asikh, motsogozedwa ndi Cecil Maguire. Ndiwo anamanga Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, ndiwo anamenyana ndi Makanjira, ndipo anzawo amene anabwera pambuyo pake anali nawo pogonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895.